Ojambula inu, musatifufutire anthu m'mabwinja a Pompeii

Pali chithunzi china chake chimene chimangozungulira pa intaneti, mwina nanunso munachionapo olo simunadziwe kuti ndi kuti. Zipilala zamiyala zili ndandanda, zina zoduka pakati, pansi poyera ngati asesa kumene, kumbuyo kwake phiri la Vesuvius lili duu, mitambo yaunjikana pamwamba pake, ndipo chonsecho ndi chakuda ndi choyera basi. Amachijambula anthu osiyanasiyana koma chimatuluka chimodzimodzi, bwalo lalikulu la mzinda wa Pompeii ku Italy, m'mamawa dzuwa likungosuzumira, mulibe munthu olo mmodzi. Nchokongola, sindikana ayi. Ine ndimagwira kamera, ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, nde ndikudziwa kuti kuti kuwala kugwe chonchija pamwala munthu wadzuka nkhuku zisanatsike, wadikira, wayesa kambirimbiri. Koma ndikachiyang'anitsitsa mtima wanga sukhazikika, ndipo ndakhala ndikudzifunsa kuti chikundivuta nchani.

Yankho ndinalipeza pa liwu lomwelo timagwiritsa ntchito, bwinja. Ndili mwana agogo ankanditenga tikamapita kudimba nkudutsa pomwe panali mudzi wawo wakale asanasamuke. Panalibe khoma loti nkuligomera, koma iwo sankasowa choloza. Ankati apa mpamene panali mafuwa a mayi anga, iwe taona mwala wakudawo. Iyi ndi mphero, taigwira uone mmene inakumbikira pakati, manja a anthu amenewo. Mango awa anadzala ndi malume ako aakulu. Mapale ali mbwee m'nthaka. Kwa agogo bwinja silinali malo opanda anthu, linali malo odzaza ndi anthu oti achokapo, ndipo kusiyana kwake nkwakukulu. Zithunzi zambiri zaluso za Pompeii zimationetsa malo opanda anthu. Chimene ndikupempha ine nchakuti zizitionetsa malo oti anthu achokapo.

Pompeii sunali mzinda wa mafumu. Munkakhala anthu oposa 10,000, ophika buledi, ochapa zovala, ogulitsa vinyo, opanga msuzi wa nsomba uja ankautcha garum, mahule, ana asukulu, andale ofuna mavoti amene mayina awo analembedwa ndi penti yofiira m'makoma mpaka lero akuwerengeka. Chaka cha 62 Yesu atabadwa chivomerezi chinagumula nyumba zambiri, ndipo pomwe phiri limaphulika mu 79 ena anali asanamalize kukonza, laimu ndi njerwa zili pakhomo. Sichinali chiphalaphala chamoto chimene chinawapha ngati mmene ambiri amaganizira. Kunayamba kugwa timiyala topepuka ndi phulusa usana ndi usiku mpaka madenga kumaphwasuka, kenako kutacha kunatsika mtambo wotentha wa phulusa ndi mpweya, wothamanga koti munthu sangauthawe, nkumaliza onse otsala. Mzinda unakwiririka mamita anayi mpaka sikisi. Mnyamata wina, Pliny wamng'ono, anaonerera ali kutsidya kwa nyanja ku Misenum nkudzalemba makalata awiri kwa Tacitus, wolemba mbiri wa Aroma, ndipo amalume ake anafera ku Stabiae, tauni ya pafupi ndi Pompeii, atapita ndi zombo kukapulumutsa anthu. Kufukula kunayamba 1748. Mpaka pano mitembo yoposa 1,000 yapezeka, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu a mzindawu likadali pansi.

Nde funso nkumati, mzinda waphokoso chonchi, wonunkha utsi ndi ndowe za abulu, unasanduka bwanji malo a zii m'maso mwa ojambula?

Poyamba sichinali dala. Makamera a m'ma 1850 ndi 1860 ankafuna kuti diso lake likhale chotsegula kwa nthawi ndithu kuti kuwala kulowe mokwanira, nde chilichonse choyenda chimangosanduka kamthunzi kapena kusowa kumene, chotsala ndi miyala yomwe siigwedezeka. Giorgio Sommer, Mjeremani uja anakhazikika ku Naples nkumagulitsa zithunzi za Pompeii kwa alendo, akafuna kuti munthu aoneke ankachita kumuimika phee. Anthu a ku London ndi Paris anazolowera kuona mabwinja ali chete chonchi m'ma alubamu awo, nkuyamba kuganiza kuti umu ndi mmene mabwinja amayenera kuonekera. Chomwe chinali kulephera kwa makina chinasanduka sitayilo. Lero kamera imatha kugwira phiko la ntchentche ikuuluka, koma wojambula amagula galasi lakuda loika kutsogolo kwa lenzi kuti atsegule kamera kwa maminiti angapo alendo onse asungunuke, kapena amangokhudza pa foni, pulogalamu nkufufuta mayi uja anali ndi ambulera. Apa nde pali dala. Munthu wasankha kuti anthu ndi zinyalala za m'chithunzi chake.

Ndipo amene akufufutidwawo si ochepa. Mu 2023 ku Pompeii kunafika alendo pafupifupi 4 miliyoni, mpaka mu Novembala 2024 oyang'anira malowa anaika malire oti asamapose 20,000 patsiku. Tangoganizani, tsiku lotanganidwa mumalowa anthu ochuluka kuposa omwe ankakhalamo kale. Kuli alonda, kuli okonza zojambula za m'makoma atavala magolovesi ndi timaburashi tawo, kuli ozula udzu pakati pa miyala, kuli ofukula ndi mawilibala, anabweretsamo ngakhale nkhosa kuti zizidya msipu m'mbali zosafukula. Kunja kwa mpanda kuli tauni ya Pompei yamakono ndi tchalitchi chake chachikulu, sitima ya Circumvesuviana ikutsitsa anthu ochokera ku Naples, ndipo anthu mazana a masauzande akugona ndi kudzuka m'mphepete mwa phiri lomwelo, lomwe linaphulika komaliza mu Malichi 1944. Makoma amene wojambula akuwagomerawo sakuima okha. Mu 1943 mabomba a ndege za Amereka ndi Angerezi anagwetsa mbali zina nkudzamangidwanso. Mu Novembala 2010 nyumba ina yotchedwa Schola Armaturarum inangogwa yokha mvula itachuluka, dziko la Italy linachita manyazi, nkutuluka ndalama zokwana mayuro 105 miliyoni, zambiri zochokera ku European Union, zoti akonzere mzindawu. Kutanthauza kuti bwinja lomwe likuoneka ngati nthawi inaima ndi ntchito ya manja a anthu amoyo tsiku ndi tsiku. Kuwachotsa m'chithunzi kuli ngati kujambula nsima ili m'mbale yoyera bwino nkubisa amene anapsa ndi nthunzi kukhitchini.

Koma amoyo angathe kudzilankhulira. Amene amandiwawa kwambiri ndi akufa aja amene ngakhale ali moyo sankawerengedwa.

Mu Disembala 2023 ofukula analengeza za malo ophikira buledi omwe anawapeza m'chigawo chotchedwa Regio IX. Kachipinda kopanikiza, kopanda khomo lotulukira kunja kwa msewu, timawindo tili m'mwamba totchinga ndi zitsulo ngati kundende. Pansi pamwala anagoba tinjira tozungulira kuti abulu omangidwa m'maso azitsata pozunguza mphero osagundana, ndipo akapolo ankazungulira nawo limodzi momwemo, fumbi la ufa m'mapapo, osaona kunja. Buledi uja timamuona pa zithunzi, wozungulira wogawidwa mapisi eyiti, wakuda bii ngati khala, anachokera m'malo ngati amenewa. Mu uvuni umodzi wokha anapezamo malofu 81. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu Novembala 2021, pa nyumba yaikulu ya ku Civita Giuliana kunja pang'ono kwa mpanda wa mzinda, anapeza chipinda cha akapolo cha masikweya mita 16. Mabedi atatu amatabwa olukidwa ndi zingwe, awiri aakulu, amodzi mita 1.4 basi, a mwana. Pansi pa bedi mitsuko ndi mphika wokodzeramo usiku. M'chipinda momwemo ankasungiramonso zida za ngolo, ndiye kuti anthu ankagona m'sitolo ya katundu, iwonso ali katundu. Makoma opanda chojambula chilichonse, kawindo kamodzi kam'mwamba.

Ndikufunseni, mwa zithunzi zonse zaluso za Pompeii zomwe zimapachikidwa m'mahotela ndi m'maofesi, ndi zingati za chipinda ngati chimenechi? Kamera imathamangira kunyumba za olemera chifukwa nkomwe kuli utoto wofiira ndi zipilala, imathamangira kachiboliboli kovina ka m'nyumba yotchedwa House of the Faun, komwenso ndi kope chabe poti kenikeni kali mu myuziyamu ku Naples. Ena amajambula mwaulemu chiboliboli chachikulu chamkuwa cha Daedalus, munthu wa m'nthano za Agiriki, chomwe chaima pafupi ndi kachisi wa Venus nkulemba pansi pake za ukulu wa Aroma, osadziwa kuti chinaumbidwa ndi Igor Mitoraj wa ku Poland yemwe anamwalira mu 2014, chinabwera pa chionetsero cha 2016 nkutsalira. Si kuti chibolibolicho nchoipa ayi. Koma zikuonetsa kuti diso likusaka chinthu chomwe linabwera nacho kale m'mutu, silikuyang'ana zomwe zilipo. Mwini nyumba wa zaka 2,000 zapitazo anamanga kuti mlendo aone bwalo lake lokongola asaone kumbuyo komwe akapolo akugona, ndipo wojambula wa lero akamangoima pomwe bwana uja ankafuna kuti mlendo aime, ndiye kuti akumugwirirabe ntchito bwanayo, ulele.

Ndikudziwa zomwe anzanga ojambula anganene, ndipo sindikuzitenga mopepuka. Anena kuti aise, ife si atolankhani, si aphunzitsi a mbiri yakale, waluso ali ndi ufulu wojambula kuwala ndi mthunzi basi osafotokozera munthu. Anena kuti kupanda anthu m'chithunzi nakonso ndi mawu, kuti msewu wa zii umalira maliro kuposa msewu wodzaza alendo ovala zipewa. Apa akunena zoona ndithu. Mimmo Jodice, mwana wa ku Naples komweko wobadwa 1934, anajambula mabwinja ndi ziboliboli za kuderali mwakuda ndi moyera, m'mbali mwa chithunzi mukuoneka ngati mukugwedera, ndipo ukayang'ana nkhope za othamanga amkuwa aja anafukulidwa ku Herculaneum, mzinda wina womwe unakwiriridwa ndi phiri lomwelo, mmene iye anazigwirira, maso awo amakuthyola mtima, umachita kumva ngati akuthawa chinachake pompano. Mulibe munthu wamoyo koma muli mantha a munthu. Josef Koudelka, yemwe ali mnyamata anajambula akasinja a Soviet Union akulowa mu Prague mu 1968, anatha zaka zoposa 25 akuzungulira mabwinja a Agiriki ndi Aroma kuzungulira nyanja ya Mediterranean ndi kamera yojambula motambalala, ndipo kawirikawiri amaloza pansi, pa miyala yakugwa, pa msewu wosweka, osati kumwamba kwa zipilala. Don McCullin wa ku Britain, amene anaona nkhondo ya Biafra ndi Vietnam ndi maso ake, atakalamba anapita kukajambula mizinda ya Aroma ya ku North Africa ndi ku Middle East, monga Leptis Magna ku Libya, kwawo kwa mfumu Septimius Severus, ndipo wakhala akunena poyera kuti kukongola kwa miyalayo sikumuiwalitsa akapolo amene anainyamula. Mitambo yake ndi yakuda molemera ngati kukubwera chimvula choopsa.

Nde sindikunena kuti chithunzi chilichonse chikhale ndi mutu wa munthu. Chomwe ndikusiyanitsa ndi ichi. Pali zii wina amene amakupangitsa kufunsa kuti anthu apita kuti, ndipo pali zii wina amene amakupangitsa kunena kuti eya, bola kulibe anthu. Woyambayo ndi wa pa bwinja la agogo. Wachiwiriyo ndi wa kalendala ya pakhoma. Onse awiri angathe kujambulidwa pamalo amodzi ola limodzi, kusiyana kuli pomwe wojambula waika diso ndi chomwe walola kuti chitsale m'felemu.

Ndipo Pompeii ngodzaza ndi zinthu zomwe zimaitana anthu popanda kuonetsa nkhope. M'misewu muli miyala ikuluikulu yodumphira kuti munthu awoloke osaponda madzi ndi zonyansa, pakati pake pali mikwasa yomwe mawilo a ngolo anakumba m'mwala wolimba, zaka ndi zaka za anthu opita kumsika. Pa mphambano pali akasupe amiyala pomwe madzi ankatuluka m'mapaipi a mtovu, ndipo m'mphepete mwa ena mwala unasalala nkulowa pomwe anthu ankatsamiza dzanja powerama kuti amwe. Aliyense amene anatungapo madzi pa mjigo akudziwa mmene chogwirira chimasalalira, akudziwanso kuti pamalo potero mpomwe nkhani za m'mudzi zimaphikidwa. Kuli kantini ija anaionetsa mu Disembala 2020, ya kauntala yojambulidwa tambala, abakha awiri olendewera ndi galu womangidwa chingwe, m'mitsuko yake anapezamo zotsalira za nkhumba, mbuzi, nsomba ndi nkhono, chakudya cha anthu omwe kunyumba kwawo kunalibe khitchini. Ndipo mu 2024 anapeza pakhoma lina zojambula za ana ndi khala, anthu omenyana m'bwalo la masewero ojambulidwa timitu ndi timiyendo ngati mmene mwana wa sitandade 1 amajambulira, pambali pake kadzanja kakang'ono kozunguliridwa ndi khala, mwana anaika chikhatho pakhoma nkulemba mozungulira zala. Abale, wojambula amene wadzuka 4 koloko kuti akagwire kuwala pa chipilala, bwanji kuwala komweko osakakugwira pa kadzanja aka?

Luigi Spina anachita chinthu chofanana ndi chomwe ndikunenachi. Nthawi ya Covid mu 2020 malowa atatsekedwa analoledwa kulowa m'nyumba za Pompeii, nkumajambula mkati mwake ndi kuwala kwa dzuwa kokha, osayatsa magetsi ake. Mulibe anthu m'zithunzizo, inde, koma poti anadikira kuwala kulowe pa chibowo cha padenga ndi pakhomo mmene kunkalowera eni ake ali moyo, umaona mdima womwe ankakhalamo, umadziwa ngodya yomwe munthu akanakhala kuti asoke chovala. Uku nkujambula ngati mlendo wogogoda, osati ngati mwini malo.

Pali mfundo ina yomwe imandigwira pakhosi ndikamatsutsa zithunzi zokongola za miyala yokhayokha, ndiyo Palmyra, mabwinja a mzinda wakale ku Syria. Mu Ogasiti 2015 gulu la ISIS linaphulitsa kachisi wa Baalshamin ndi wa Bel, mu Okutobala nkugwetsa chipata chachikulu chamiyala cha mzindawo, ndipo linapha Khaled al-Asaad, mkulu wa zaka zoposa 80 amene anasamala malowo moyo wake wonse. Zitatero chithunzi chilichonse chomwe munthu anajambulapo, chaluso kaya cha mlendo wongodutsa, chinasanduka chuma, chifukwa ndi momwe makomawo atsalira. Apa ndikuvomera, kujambula mwala pawokha si kutaya nthawi. Komabe taonani chithunzi chomwe anthu ambiri amachikumbukira cha nthawi imeneyo. Joseph Eid, wojambula wa bungwe lofalitsa nkhani la AFP, anabwerera mu 2016 atanyamula zithunzi zomwe anajambula 2014, nkumazigwira kutsogolo kwa malo omwewo atasanduka mulu wa miyala. M'felemu muli dzanja la munthu litagwira pepala. Dzanja limenelo ndi lomwe limakuuza kuti wina anaona, wina wataya, wina akumva kuwawa.

Tsopano ndifike pomwe pali povuta zedi, pa matupi aja.

Phulusa litauma mozungulira anthu akufa, mnofu unawola nkusiya mphako yooneka ndendende mmene munthu anagonera. Mu 1863 Giuseppe Fiorelli, amene ankatsogolera ntchito yofukula, anaganiza zothira pulasitala wamadzi m'mphakozo, nkudikira aume, nkukumba mozungulira. Chotuluka ndi munthu, makwinya a chovala, lamba, nsapato, pakamwa potsegula. Apanga oposa 100. Pamalo pena potchedwa Garden of the Fugitives pali anthu 13 omwe anagwa pamodzi akuthawa, akulu ndi ana. Pali galu wopindika atamangidwa unyolo yemwe Sommer anamujambula ndipo chithunzi chake chinagulitsidwa ngati makeke otentha m'masiku amenewo. Chomwe anthu ambiri amaiwala nchakuti izi si ziboliboli. M'kati mwa pulasitalayo muli mafupa, muli mano. Ndi maliro.

Ife tikudziwa tanthauzo la phiri kutsikira anthu usiku. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, komanso midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe, tinaona zithunzi zikuyenda m'magulu a WhatsApp, ndipo ambiri tinakwiya ndi amene ankajambula matupi a anthu ngati akujambula ngozi ya mbuzi. Tinkati ameneyo ndi mayi wa wina, tamufunditsani kaye chitenje. Sindikufananitsa zowawa ayi, a ku Chilobwe abale awo alipo ndipo akulirabe, a ku Pompeii owalira anatha kalekale. Koma funso limene ndimadzifunsa ndi lakuti, kodi pamafunika zaka zingati kuti mtembo usiye kukhala munthu nkukhala chokongoletsera? Ine sindikuona chaka chomwe tingaloze nkuti kuyambira apa palibenso ulemu. Nde ndikaona wina wajambula mwana wa pulasitala uja ndi kuwala kofewa, waika fyuluta, pansi nkulemba mawu achikondi kuti apeze ma like, kapena wina wagona pambali pa galasi kudzijambula selefi akumwetulira, ndimamva ngati munthu wadya chimanga chootcha pamwamba pa manda.

Sindikuti asajambulidwe. Kuwabisa kungakhalenso kuwafufuta, ndipo mwa anthu wamba a nthawi ya Aroma awa ndi ena mwa ochepa amene tingawaone nkhope osati mafumu a pa ndalama. Mmodzi mwa amuna awiri omwe anapezeka ku Civita Giuliana mu 2020 anali mnyamata wa zaka zapakati pa 18 ndi 25 koma mafupa a msana wake anali opanikizika kale ndi katundu wolemera, ndipo akatswiri akuganiza kuti anali kapolo. Palibe amene anamuumbira chiboliboli, palibe analemba dzina lake, thupi lakelo ndi umboni wokhawo woti anakhalapo. Ameneyu ajambulidwe ndithu, koma mmene umajambulira pa maliro pomwe banja lakupempha, utatsika pansi kufanana naye, osamuimirira pamwamba, osamukometsa kuti aoneke ngati akugona tulo tabwino pomwe anafa akubanika.

Ndipo tisamawaikire mawu m'kamwa. Kwa zaka zambiri alendo ankauzidwa kuti munthu wina wa m'nyumba yotchedwa House of the Golden Bracelet, wovala chibangili chagolide atanyamula mwana pamiyendo, ndi mayi ndi mwana wake, ndipo zithunzi zambirimbiri zinafalitsidwa ndi mawu a chikondi cha mayi. Mu Novembala 2024 akatswiri atayeza DNA ya m'mafupa anapeza kuti wamkuluyo anali mwamuna, ndipo panalibe ubale wamagazi ndi mwanayo. Awiri ena okumbatirana omwe ankatchedwa atsikana apachibale, mmodzi mwa iwo anapezeka kuti ndi mwamuna. Kwa ine nkhani yoonayi ndi yolemera kuposa yopekayo, bambo wina amene sitikumudziwa anagwira mwana woti si wake pomwe dziko limatha. Kaya anali wantchito wa pakhomopo, kaya woyandikana nawo nyumba, kaya anangomutola panjira. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ife timatero, ndipo munthu uyu anachita zomwezo mumdima wa phulusa. Wojambula amene anafika ndi nkhani yake yokonzakonza ya mayi ndi mwana anaphonya zimenezi, chifukwa anaona chibangili nkuganiza kuti wamaliza kudziwa.

Mwina wina afunsa kuti nanga iwe wojambula maukwati zikukukhudza chani za ku Italy. Zimandikhudza chifukwa matenda ake ndi omwewo ndimalimbana nawo Loweruka lililonse. Mkwatibwi amafuna chithunzi choyera, iye ndi mwamuna wake pa kapinga, kumbuyo kopanda munthu. Ndimamujambula, ndi tsiku lake. Koma pakapita zaka faifi chomwe amandiimbira foni kufunsa ngati ndinasunga si chimenecho ayi, ndi chija azakhali ake anali kuseri akupakula mpunga m'chidebe thukuta lili kamukamu, poti azakhaliwo anatisiya. Diso limene laphunzitsidwa kuti anthu wamba ndi ntchito zawo zimadetsa chithunzi limachita chimodzimodzi kulikonse, ku Pompeii, pa Great Zimbabwe, pa zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza. Ndipo ana athu omwe akuphunzira kujambula pa YouTube ndi Instagram akutengera diso limenelo osadziwa kuti linachokera ku kamera yochedwa ya m'ma 1860.

Nditapatsidwa m'mawa umodzi mu Pompeii geti lisanatsegulidwe, bwalo lalikulu lija ndi Vesuvius wake ndingalidutse, alipo kale okwanira amene analigwira bwino kuposa mmene ndingathere. Ndingapemphe mlonda amene ali ndi makiyi kuti ndimutsatire akamatsegula nyumba imodziimodzi, ndijambule dzanja lake pa loko, ndi mayi wokonza khoma akusakaniza laimu wake, ndi kasupe uja pomwe mwala unalowa, ndidikire mpaka mlendo woyamba waludzu awerame nkuika dzanja pamalo pomwepo osadziwa. Kenako ndingapemphe chilolezo chofika ku chipinda chija cha ku Civita Giuliana, ndiike kamera pansi kufanana ndi bedi la mita 1.4, ndizimitse fulashi, ndidikire kuti kawindo kam'mwamba kaja kalowetse kuwala komwe mwana uja ankakuona akadzuka.